Dokotala Wabodza m'Kompyuta ya Agogo

Ndikakumbukila agogo aDaka, chimayamba kundifika ndi fungo la mankhwala osambitsila ng'ombe ku dipi, fungo lowawa lija limene linakana kuchoka m'jekete lawo la khaki ngakhale anali atapuma ntchito kalekale, losakanikilana ndi kafungo ka fumbi lotentha kamene kankatuluka kumbuyo kwa kompyuta yawo ikayamba kung'ung'udza pakona pabalaza. Moyo wawo wonse anali mlangizi wa ziweto, woyenda pa njinga m'midzi ya ku Msanzala ndi ku Kalindawalo, majakisoni ali m'chikwama. Ine ndinapita kukakhala nawo ku Petauke nditayamba sekondale, poti kumudzi kumene makolo anga ankalima sukulu inali kutali. Ambuya, akazi awo, anali atamwalila chaka cham'mbuyo, ndipo m'nyumbamo tinalimo awili chabe.

Kompyutayo anabweletsa ndi amai aang'ono Lontia, mwana wawo wotsiliza, amene ankagwila ntchito mu ofesi ku Lusaka. Inali yakale, ya chimutu chachikulu, yochedwa kudzuka ngati nkhalamba m'mwezi wa Juni. M'kati mwake munali zithunzi za adzukulu, komanso vidiyo ya ukwati wa amai aang'onowo. Muvidiyomo munali ambuya, akuvina pang'onopang'ono kutsogolo kwa azimayi anzawo, kenako nkuyambitsa nyimbo, nkuiwala mawu pakati, nkuseka mpaka kutsamila paphewa la mnzawo. Vidiyoyo sinalinso kwina kulikonse. Wojambula wake anasamuka, ndipo chimbale chake ana anachikanda ku Lusaka. Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, agogo ankavula nsapato, nkupukuta magalasi ndi m'mphepete mwa malaya, nkukokela mpando pafupi.

"Dailesi, tabwela uone mmene akudzimvela ambuya ako," ankandiitana choncho, ngati akuwaona koyamba.

Amai aang'ono anawasiyilanso kamodemu kobaya m'mbali kuti azilandila zithunzi ndi kuwelenga nkhani pa intaneti. Agogo ankakonda kufufuza za matenda a ng'ombe, ngakhale panthawiyo analibe ndi mbuzi yomwe.

Loweluka lina ndinabwela kuchokela ku chigayo, thumba lili pamutu, ndipo ndisanalitule ndinamva kaphokoso kachilendo kakulila mobwelezabweleza. Agogo anali atakhala chowongoka, manja pa mawondo. Sikilini yonse inali yofiila. Pakati panali chishango chowala, ndipo timabokosi tinkatumphuka kamodzikamodzi, ukatseka kena kena katulukila, tonse tikunena m'Chingelezi kuti kompyuta yadzaza mavailasi ndipo zonse zili m'katimo ziwonongeka.

"Kanayamba kabokosi kamodzi," anatelo osandiyang'ana. "Kakuti makina anu akudwala, dinani apa tikuchizileni. Ine zaka zonsezi ndimauza alimi kuti ng'ombe ikadwala musachedwe. Ndiye ndadina."

Anayesa kutsegula vidiyo ija ine ndikuona. Chishango chinalumphila patsogolo nkunena kuti vidiyonso yagwidwa matenda, siitseguka pokhapokha alembe manambala a pa khadi yawo ya ku banki kuti agule mankhwala athunthu. Khadiyo inali kale pa tebulo, pambali pa kiyibodi.

"Ndawapatsa matenda ambuya ako," anatelo ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iwo.

Chinawapulumutsa n'chakuti manambala a pa khadi anali ang'onoang'ono ndipo maso awo sankawaona bwino. Anandipatsa kuti ndiwawelengele, koma ine ndinawapempha kuti tiyambe taimbila amai aang'ono. Anavomela monyinyilika. Agogo atangofotokoza za chishango, mawu a amai aang'ono anamveka mpaka kumene ndinaima.

"Atate, musalembe chilichonse! Khadi bwezani m'thumba manje manje. Mavailasi akuwelengawo kulibe, ndi bodza lokuopsezani chabe. Vailasi ndi chishango chomwecho. Chimadziyesa dokotala, koma matenda ake ndi icho."

Agogo anabweza khadi m'thumba. Atadula foni anandiuza za anthu amene kale ankazungulila m'midzi pa njinga ndi mabotolo a madzi othila utoto, nkumauza alimi kuti ng'ombe zawo zifa mailo akapanda kugula. Iwo ankawathamangitsa anthu otelo, nthawi zina mpaka kumsewu waukulu. "Lelo andipeza m'nyumba mwanga momwe," anatelo, "ndipo chitseko ndawatsegulila ndekha." Anazimitsa kompyuta pa khoma, nakakhala pansi pa mtengo wa mango. Tsikulo chakudya anangochilawa. M'mawa mwake tinapita ku tchalitchi, ndipo pobwela anavula nsapato monga mwa masiku onse, kenako anangoima pakati pa balaza osadziwa kopita.

Amai aang'ono anatilangiza chochita. Lolemba nditaweluka ndinagula fulashi yatsopano, ndipo mtsikana wa pa kafe ya intaneti pafupi ndi msika anandiikilamo pulogalamu yeniyeni yochotsela zoipazo, imene amai aang'ono anamutchulila dzina pafoni. Ndinaibweletsa nditaifumbata m'manja njila yonse. Agogo anaika foni pa tebulo kuti tonse tizimva.

"Choyamba zulani kamodemu, chisamalankhulane ndi eni ake," anatelo amai aang'ono.

Apa nkhope ya agogo inasintha pang'ono. "Kuipatula," anatelo akugwedeza mutu. "Yodwala siigona m'khola limodzi ndi zinzake. Pitiliza, mwana wanga."

Kenako tinayenela kuyatsa kompyuta tikudina batani la F8 mobwelezabweleza, kuti idzuke ndi zinthu zofunikila zokha, chishango chisanadzuke nawo. Agogo anayesa okha. Zala zawo zinali zazikulu, zozolowela kugwila nyanga, ndipo anachedwa. Kufiila kuja kunabwelanso ndi kaphokoso kake. Ulendo wachiwili anandigwila chala changa nkuchiika pa batanilo. "Iwe dina, ine ndiziyang'ana." Sikilini inada, panabwela mizele ya zilembo zoyela, ine ndikuwelenga mokweza, amai aang'ono akundiuza posankha. Kompyuta inatseguka ili ndi zithunzi zikuluzikulu zosaoneka bwino, koma ili zii. Tinabaya fulashi, pulogalamu ija nkuyamba kufufuza, kamzele kake kakuyenda ngati bilimankhwe.

Kamzeleko kasanafike pakati, magetsi anazima.

Agogo sanadandaule. Anatenga lichelo la nshawa, tinakhala pakhonde nkumasenda, dzuwa likupendeka, mabasi a ku Chipata akumveka chapatali. Patapita nthawi anafunsa, maso ali pa lichelo, "Ikapezeka kuti vidiyo yatayika, nyimbo ija ungaikumbuke?"

Ndinayesa kuiyimba. Pamzele wachiwili anandidula kuti ndalakwitsa, naiyimba okha ndi mawu awo osasa, mpaka kudutsa paja ambuya anaiwalila, kufika kumapeto. Atamaliza anadabwa okha. Ndipo mwina chifukwa pakamwa panali patatseguka kale, anandiuza mmene anakumanilana. Ambuya, ali mtsikana, anafika mochedwa ku dipi ndi ng'ombe za atate awo, agogo atatseka kale. Atakana kutsegula, ambuya anawauza pamaso pa anthu kuti ndi kamnyamata ka boma kodziwa kulemba chabe, kosadziwa kutalika kwa njila. Anachotsa okha mitengo ya pachipata nkulowetsa ng'ombe zawo.

"Ine ndinangoima ndi pensulo m'manja," anatelo akuseka mpaka kutsokomola. "Sabata yotsatila ndinachedwetsa dala kutseka."

Magetsi anabwela tsiku linzake masana, ndipo tinayambilanso poyambilila. Ulendo uno kamzele kanafika kumapeto, pulogalamu nkuonetsa zoipa zimene inapeza, dzina la chishango chija lili pamwamba. Ndinafuna kudina pochotsela, koma agogo anandigwila mkono.

"Iyayi. Ndinachilowetsa ndine, ndichitulutsenso ndine."

Anaika dzanja pa mausi mosamala, nadina. Kompyuta inazima nkuyakanso, ndipo panalibe kufiila, panalibe phokoso. Koma titatsegula pamene pankakhala zithunzi ndi vidiyo, munali mbee. Munalibe kanthu. Agogo anatsamila kumbuyo pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva uthenga wa malilo, ndipo ine misozi inali itayamba kale.

"Musalile," anatelo amai aang'ono pafoni, ngakhale mawu awonso sanali olimba. "Zinthu izi nthawi zambili zimangobisa. Dailesi, pita pamwamba apo, usankhe kuti ionetse zobisika."

Ndinasochela kangapo ndisanapapeze. Nditadina, tizithunzi tinayamba kuonekela, totumbuluka ngati tili m'nkhungu, kamodzi, kenako tambili, ndipo pakati pake panali vidiyo ya ukwati. Amai aang'ono anandiuza mmene ndingatichotsele chobisacho. Agogo sanadikile kuti ndimalize. Ng'oma zinamveka, azimayi analowa, ambuya patsogolo, nayambitsa nyimbo, naiwala pomwe paja, naseka. Agogo anavula magalasi nkuwagwila m'manja.

"Mwatichedwela, amake Lontia," anatelo. Kufoni kunangomveka kufwenthela.

Ine ndinkaganiza kuti nkhaniyi ithela m'nyumba, poti ndinaona mmene manyazi anawapwetekela. Koma Lamulungu lotsatila, anthu akucheza panja pa tchalitchi, ndinawamva akufotokozela azibambo anzawo zonse, osabisa kuti anadina okha ndi kuti khadi inali kale pa tebulo. Ena anawaseka, iwo nkuseka nawo. Pobwelela ndinawafunsa chifukwa chake anadziulula chotelo.

"Wakuba amakonda munthu wamanyazi," anayankha. "Ndikakhala chete ine, mailo alowa kwa anzanga aTembo."

Agogo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Lelo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ku Nyimba, ndipo poti anthu amadziwa kuti ndimakhudzako za makompyuta, amandibweletsela mafoni awo akatulutsa mauthenga oopseza. Posachedwapa kunabwela mayi wina wachikulile, wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Anaima pakhomo foni ataikulunga m'kansalu, nkumalankhula chapansipansi kuti anadina chinthu chimene chinati foni yawo ili ndi matenda, ndipo ana awo asamve, angawanene kuti ukalamba wawapusitsa. Ndinawatulutsila mpando, ndinakhala pambali pawo, ndipo foniyo ndisanaigwile nkomwe ndinati, "Amai, khalani pansi. Ndiyambe ndakuuzani za agogo anga, amene anadina ngati inu."