Kunong'ona kwa Telala m'Filimu ya Mitu Italiitali

Anthu ankangomuitana kuti Womasulira, ngakhale kunena zoona theka la zimene ankayankhula m'mafilimu zinali zopeka. Ntchito yake inali yokhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yogulitsa mafilimu, maso pa kompyuta, mahedifoni kumutu. Wa m'filimu akatsegula pakamwa, iye ankatsitsa mawu a filimuyo n'kuyankhulapo Chichewa. Pamene sanamve ankangoponyapo zake. Akanamutsutsa ndani? Anadyera pakamwa zaka khumi ndi zinayi, mpaka msana unapindika ngati chogwirira ambulera.

Bodza lake linathera pa filimu ina ya magawo khumi ndi awiri, ya zolengedwa za kunyenyezi zamitu italiitali. Zolengedwazo zinkayankhula chilankhulo chosapezeka m'dziko lililonse, chimene opanga filimuyo anachita kukhalira pansi n'kuchipanga. Womasulira sizinamuvute. Chamutu wautali chikati khokhokho, iye ankati, "Akuti muwabwerekeko machesi." Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Amene sanaseke anali mkazi wake, telala, yemwe makina ake ankakhala pakhonde la shopu yomweyo.

"Bambo inu, mukunamiza anthu," anatero telala. "Chinthu chija chanena mawu amodzimodzi katatu, inu mwamasulira zinthu zitatu zosiyana."

"Ndi chilankhulo ngati chimenecho? Ndi phokoso chabe."

"Phokoso silibwereza mwadongosolo choncho."

Telala sanali munthu wosiya ulusi uli lende. Anatenga kope lake lolembamo miyeso ya makasitomala n'kuyamba kulemba chakumapeto. Liwu likamveka pamene cholengedwa chikupatsidwa chakumwa, ankalilemba. Likamvekanso mvula ikugwa, ankadula mzere kunsi kwake: basi, amenewo ndi madzi. Magawo ankabwera limodzilimodzi, kopelo n'kumadzaza. Pa nthawi yojambula mawu ankasiya makina, n'kukhala pambali pa mwamuna wake kumamunong'oneza tanthauzo, mwamunayo n'kumabwereza mokweza ngati nzeruzo ndi zake. Iye sanaphunzire ngakhale liwu limodzi. Aphunzirirenji pamene mwini nzeru ali pomwepo?

Telala anamwalira patangopita masabata atatu chijambulireni gawo lomaliza. Pamaliro mpamene Womasulira anamva kwa mlamu wake kuti mkaziyo anali atapita kale kuchipatala kawiri, ndipo ankadziwa za matenda ake. Iye sanalire. Anthu anati ndi wolimba mtima, koma sikunali kulimba ayi, mumtimamo munalibe kanthu basi. Patatha sabata anabwerera kuntchito. Akapatsidwa chakudya ankadya, akafunsidwa ankayankha. M'mafilimu nthabwala zinkatulukabe zokha, anthu n'kumaseka. Makina osokera anawavindikira ndi nsalu pakhonde paja, ndipo ankawadutsa m'mawa uliwonse osayang'anako.

Patapita chaka, mwini shopu anasuzumira pakhomo la kachipinda kaja.

"Achimwene, ya mitu italiitali ija anthu ayambanso kuifuna. Koma akudandaula kuti pansipansi pamamveka munthu akunong'ona. Tachotsanimo, pofika Loweruka ikhale yoyera." Atangomaliza anakumbukira, n'kugwira pakamwa. "Pepani, sindinaganize."

"Palibe vuto, bwana. Ndichotsa."

Anachotsadi. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati timizere tokwera ndi kutsika, ndipo a telala anali tating'ono, tobisala kutsogolo kwa ake akuluakulu. Ankatisankha n'kudina, tazimiririka. Akanatha kusungako pa fulashi, koma maganizo amenewo sanamufikire n'komwe. Lolemba anayeretsa magawo anayi, Lachiwiri asanu. Dzanja linkangogwira ntchito ngati la munthu wina.

Lachitatu masana anafika pa gawo lomaliza. Chakumapeto kwake, pamalo pamene zolengedwa zonse zinali chete, telala ananong'ona mawu atatu, koma osati a Chichewa. "Teshi valuni oku." Kenako anaseka pang'ono. Womasulira anadzimva yekha m'mahedifoni akudikira tanthauzo, ndipo litapanda kubwera akuti, "Akuti muwabwerekeko machesi."

Anabweza n'kumvetseranso. Palibe wa m'filimu amene ankayankhula pamenepo. Mawuwo anali a telala mwini, ndipo ankauza iyeyo.

Apa mpamene mantha anamugwira. Tsiku limenelo mkaziyo anali akudziwa kale kuti akudwala. Nanga bwanji ngati anamuuza za matendawo pamenepa, m'chilankhulo chimene akanatha kunena popanda kunjenjemera, iye n'kuyankha za machesi?

Kope lija analipeza m'kabati ya makina, pansi pa tizidutswa ta nsalu. Analitsegula chakumapeto n'kupeza mawu oposa mazana atatu, olembedwa mosatsata dongosolo lililonse, ena ndi choko chosokera, ena ndi bolopeni yofuna kutha. Munthu amene anamasulira mafilimu zaka zonsezo anayamba kuwerenga ndi chala ngati wa sitandade wani. Ankawatchula mokweza, lilime n'kumakana.

Lachinayi anapeza "oku": wako. Lachisanu m'mawa anapeza "teshi", pafupi pake telala atalemba kuti, "Gawo 3, mkulu wa asilikali akukalipa." Anatsegula gawo lachitatu, limene anali ataliyeretsa kale, n'kuona mkulu wa asilikali akukuwa liwulo, asilikali onse n'kuima njo. Pansi pa tsambalo panali tanthauzo: wongola.

"Valuni" sanalipeze. Anabwereza masamba onse akumapeto kawiri, kenako katatu. Mwini shopu anabwera ndi tiyi, anamuyang'ana, n'kutuluka osafunsa za Loweruka.

Atatopa anayamba kungotsegula masamba akutsogolo, a miyeso ya anthu. Chiuno, phewa, mkono, madiresi a anthu osawadziwa. Pa tsamba lina panalembedwa kuti "Shati ya bambo". Inali yake, yabuluu. Telala anali atalemba miyeso mwachizolowezi, koma pa mzere umodzi anaseweretsa bolopeni n'kuwonjezera liwu pambali. Msana, valuni.

Wongola msana wako.

Zinali zomwezo basi. Sanamuuze za matenda, sanatsanzike. Anangoona mwamuna wake atakhota pa mpando monga mwa masiku onse, n'kumudzudzula m'chilankhulo cha kunyenyezi kuti amuseke. Womasulira anatseka kope lija. Sanadziwe ngati mtima watsika kapena wakhumudwa.

Loweruka m'mawa mwini shopu anafunsa ali pakhomo, "Yatheka, achimwene?"

"Magawo khumi ndi limodzi ndi oyera, bwana. Lomalizali lipita momwemo."

"Akadandaula?"

"Adandaule."

Mwini shopu anagwedeza mutu n'kubwerera kukauntala. Womasulira anavala mahedifoni, n'kubweza filimu mpaka pamalo paja. Telala ananong'ona mawu ake atatu, n'kuseka. Ulendo uno iye sanayankhe za machesi. Anaponda pansi ndi mapazi onse awiri, anakankhira mapewa kumbuyo, n'kuwongola msana pang'onopang'ono mpaka unalira kuti thyo. Unawawa kwambiri, moti anagwira tebulo ndi manja onse. Chimwalirireni telala, aka kanali koyamba kuti chinthu chimuwawe.