Chitenje Chimene Ndinachapa

Ndinafika ku Mzimba m'mwezi wa Juni, mphepo ya ku Chikangawa ikulowa mpaka m'mafupa. Ndinali nditapeza ntchito yolera ana panyumba ina ya ana amasiye, kunja pang'ono kwa tauni. Kwathu ndi ku Dedza, Chitumbuka sindinkachimva bwino, ndiye anzanga akamaseka kukhitchini ndinkangoti akuseka ine. Ndinkadyera m'chipinda mwanga, chitseko chotseka. Zoti mwana wanga mmodzi yekhayo ndinamuika m'manda zaka ziwiri m'mbuyomo, sindinauze munthu.

Chimene ndinkadzitama nacho chinali ukhondo. Mwana watsopano akabwera, zovala zake zonse ndinkaziviika m'madzi otentha, pakuti nsabwe ndi mphere sizigogoda pakhomo. Pa nkhani imeneyi sindinkamva za munthu.

Tsiku lina kunabwera kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kochokera cha ku Edingeni. Azakhali ake anatiuza kuti chimwalirire amayi ake sikanalankhulepo. Kanali katakumbatira chitenje chakuda bii ndi litsiro, chonunkha utsi ndi fodya wa m'chigafa. Kankagona nacho, kudya nacho, ngakhale kuchimbudzi kupita nacho.

Mayi wophika, wa komweko, anandiona ndikuchiyang'ana chitenjecho.

"Mama, ndapota, icho chilekeni," anatero. "N'cha amama ŵake."

"Ndiye cha amayi ake sichichapidwa?" ndinayankha. Pakamwa panga ndi pamene pamandipweteketsa masiku onse.

Mwanayo akusamba, ndinachitenga, kuchichapa kawiri ndi sopo n'kuchiyanika. Maluwa achikasu anaonekera bwinobwino, ine n'kumanyada.

Atatuluka anachithothola pachingwe, kuchinunkhiza mbali iyi ndi iyo, kenako n'kuchisiya pansi. Sanalire. Anakakhala kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo masiku atatu sanalawe kanthu. Mayi wophika uja sanandikalipire, anangoti, "Mbwenu mwachapa amama ŵake." Mawuwo anandilasa, chifukwa ndikanayenera kudziwa kuposa aliyense. M'sutikesi mwanga munali juzi yofiira ya mwana wanga, imene sindinaichapepo chimwalirire mwini wake.

Tsiku lachinayi, akuluakulu atayamba kukamba zopita ndi kamtsikana kaja kuchipatala, ndinatulutsa juziyo n'kukakhala padothi pambali pake. Chitumbuka ndinalibe, ndinangolankhula Chichewa changa chomwecho.

"Iyi ndi ya mwana wanga. Anamwalira. Yangayi sindinachape, koma chako ndinachapa. Ndinalakwa, pepa."

Anailandira n'kuinunkhiza nthawi yaitali. Kenako ndinamva mawu ake koyamba, osasa ngati a munthu wodwala chifuwa.

"Yikununkha sutikesi."

Ndinamulanda n'kuinunkhiza ndekha. Ankanena zoona. Mwana wanga anali atachokamo kalekale, ine zaka ziwiri ndikusunga fungo la sutikesi. Ndinalira pamenepo kulira kumene sindinalire pamaliro. Ana ena anasiya kusewera fulaye n'kumandiyang'ana, mayi wophika n'kuwabweza.

Mwanayo anadzuka, kukatenga chitenje chake chija n'kundiika pamiyendo.

"Vwalani," anatero. "Chinunkhe munthu."

Masana amenewo anamwa phala theka la kapu. Ine ndinachivala chitenjecho sabata yathunthu, kutunga nacho madzi, kukolopa chili m'chiuno, kukhala nacho pautsi kukhitchini. Popeza utsiwo unali kukhitchini, nanenso ndinayamba kudyera komweko. Ndinapeza kuti nthawi zina ankasekadi ine, koma zinali zosekeka.

Loweruka ndinachivula n'kukam'patsa. Anachinunkhiza mbali iyi ndi iyo monga poyamba paja, kenako anandiyang'ana.

"Si amama."

"Ayi," ndinavomera, "si amayi ako."

Anachifunda chomwecho, n'kundigwira dzanja kuti tikadye.