Nsimbi ya Moto pa Tsaya la Achemwali Anga

Ine ndinaotcha nkhope ya mlongo wanga ndi nsimbi ya makala, ndipo chifukwa chake chinali malaya. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti inu owerenga musandimvere chisoni mukafika pamene ndinathyoledwa nthiti. Zimene ndinalandirazo zinali zochepa.

Kwathu ndi ku Neno, kufupi ndi Ligowe. Izi zinachitika ndili Fomu 4, boma la zipani zambiri litangolowa kumene. Anyamatafe ufulu uja tinaumva mwathumwathu. Tsitsi limene kale ankatimeta mokakamiza tinayamba kulisunga, kaunjika anadzaza pamsika wa pa Boma, ndipo wamkulu akakudzudzula unkangomuyankha kuti ino ndi demokalase. Pa khalidwe limeneli ine ndinali patsogolo.

Bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Amene anandiphunzitsa ndi achemwali anga a Esinati. Iwo anasiya sukulu n'kumasenza manachesi ndi mbatata ya kachewere kukagulitsa pa Boma, kuti ine ndisakhale pakhomo. Nthawi imeneyo anali pa chitomero ndi a Lufeyo, kalipentala wa ku Lisungwi, amene mwezi umenewo ankakhoma denga la tchalitchi cha m'mudzi mwathu. Ukwati unali utatsala miyezi iwiri.

Mayeso atayandikira, aphunzitsi analengeza kuti Lachisanu kubwera wojambula wochokera ku Mwanza, adzatijambula mmodzimmodzi chithunzi chotsanzikira sukulu. Inu a mafoni simungamvetse. Filimu inali yowerengeka, aliyense ankajambulidwa kamodzi basi, ndipo ukaphethira ndiye kuti waphethira mpaka kalekale. Ine ndinali ndisanajambulitsepo chibadwire, komanso chithunzicho ndinali nditalonjeza kale mtsikana wina wa Fomu 3.

Sabata yonseyo za mayeso m'mutu mwanga munalibe. Ndinakametetsa tebulo, kametedwe kaja ka mpala m'mbali koma pamwamba pathyathyathya, wometayo n'kuwongola m'mphepete ndi lezala. Tindevu tanga towerengeka ndinatisiya kuti ndioneke wamkulu. Nsapato ndinazipaka polishi mpaka kudzioneramo, chikhalirecho tonse tinkadziwa kuti chithunzi chake n'cholekeza m'chifuwa. Tayi wofiira anandibwereka mkulu wa mpingo. Koma mtima wanga wonse unali pa malaya oyera a manja aatali amene achemwali anandisankhira pa kaunjika, kolala yake yolimba ngati katoni. Anawachapa okha, n'kuwaviika m'madzi a chinangwa kuti akauma aime gwa.

Lachisanu m'mawa ine ndikusamba, iwo anayala bulangeti pamphasa pakhonde n'kuyamba kusita. Nditatuluka m'bafa ndinamva fungo la nsalu yopserera. Kakhala kamoto kanali katathothoka m'nsimbi n'kugwera kumunsi kwa malayawo, chakumsana. Kabowo kake kanali ngati njere ya nyemba.

Ndinayamba kutukwana. Iwo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofuna kuziziritsa nkhani, n'kunena kuti, "Achimwene, apa mupisira m'buluku. Kodi wojambulayo akakujambulani kumbuyo?"

Ankanena zoona, koma ine kusekako ndinakumva ngati chipongwe. Ndinawauza kuti achita dala, ndi nsanje chifukwa iwo sukulu inawakanika. Nkhope yawo inasintha. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Inandikanika, kapena ndinakusiyirani inuyo?"

Ndinawamenya mbama. Atadzuka kuti andigwire dzanja, ndinatola nsimbi ija n'kuwamenya nayo pa tsaya lakumanzere. Sindinaiponye mwangozi ayi, monga ndinkanamizira anthu pambuyo pake. Ndinaigwira bwinobwino pachigwiriro n'kumenya. Chivundikiro chinatseguka, makala onse n'kukhuthukira m'khosi ndi m'bulauzi. Bulauziyo inali ya nayiloni, ndiye inasungunuka n'kumatirira pakhungu. Anagwa pansi n'kumadzigudubuza m'fumbi akukuwa, fungo la mnofu wopsa lili ponseponse. Mayi anathamanga kuchokera kuseri kwa nyumba n'kuwakhuthulira ndowa ya madzi. Pochotsa bulauziyo, khungu linatsatira.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndimachita manyazi kuposa pena paliponse. Anthu oyandikana nafe akuwakweza panjinga kuti athamangire nawo kuchipatala, ine ndinalowa m'nyumba. Ndinavala malaya aja, ndinapisira, ndinamanga tayi, ndinadzola mafuta, ndinapesa tebulo wanga. Kenaka ndinadzera kanjira ka m'munda wa chimanga kupita kusukulu. Ndinaima pamzere ndi anzanga, ndipo nthawi yanga itakwana ndinakhala pampando, kumbuyo kwanga atapachika nsalu yabuluu. Wojambula anati ndikweze chibwano, ndimwetulire. Ndinamwetulira.

Ndisanachoke pabwalo la sukulu ndinaona a Lufeyo akubwera ndi amalume anga. A Lufeyo anandigwira tayi n'kumupotokola mpaka mpweya unandithera, kenaka chibakera pakamwa. Mano awiri akutsogolo anagwera m'fumbi. Nditagwa anandiponda m'nthiti ndi nsapato zawo zogwirira ntchito, ndipo ndinamva ndekha fupa likuthyoka. Amalume, amene ndinkayesa kuti aleretsa, anavula lamba n'kuyamba kundikwapula ndi mbali ya chitsulo mpaka mutu unang'ambika. Magazi anatsikira m'kolala, malaya onse anafiira. Anzanga anangoima mozungulira, panalibe anandithandiza. Amene analeretsa ndi ahedi, koma atamva zimene ndinachita anangouza amalume kuti, "Mutengeni mwana wanu. Pano adzapondenso tsiku la mayeso basi."

Achemwali anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Mwanza, kumene anagonekedwa milungu isanu. Adokotala atafunsa chomwe chinachitika kuti nkhani ipite kupolisi, iwo anati anapunthwa n'kugwera pansimbi. Ndinapulumuka ndende chifukwa cha bodza la munthu amene ndinamuotchayo.

Mayeso ndinalemba mutu uli m'mabandeji, ndipo ndinalephera. Chithunzi chinabwera patatha mwezi. Ndinaoneka bwino kwabasi, kolala ili chilili, tebulo wowongoka, kabowo kaja osaoneka n'komwe. Mtsikana uja anakana kuchilandira. Mayi anachiyang'ana kamodzi n'kundibwezera, amvekere munthu ameneyu sakumudziwa.

Ukwati unachedwa ndi chaka chathunthu, koma a Lufeyo sanawasiye achemwali. Ine sindinaitanidwe. Chipsera chinakoka khungu kuchokera patsaya mpaka paphewa, moti khosi silitembenuka bwino ndipo katundu pamutu sasenzanso. Geni ya manachesi inathera pomwepo. Panatha zaka zisanu ndi chimodzi ndisanalimbe mtima wopita ku Lisungwi. Ndinatengana ndi mkulu wa mpingo, ndinagwada pakhomo pawo n'kupepesa. A Lufeyo analowa m'nyumba osandipatsa moni. Achemwali anandidzutsa n'kunena kuti, "Zinatha izo, achimwene." Ine ndinakhulupirira kuti zathadi.

Mayi atamwalira tinakumananso pamaliro, tonse tili ndi imvi. Pobwerera kumanda ndinaona kaudzu katakodwa pa duku la achemwali, ndiye ndinatukula dzanja kuti ndikachotse. Iwo, mayi wamkulu wa zidzukulu zake, anadzidzimuka n'kuwerama, mkono utaphimba nkhope, anthu onse akuona. Atazindikira anatsitsa mkonowo n'kunena kuti, "Pepani, achimwene. Mtima unakhululuka, koma thupili silimva." Anapepesa ndi iwo. Ine ndinasowa poyang'ana.

Lero ndili ndi kagolosale pa Boma, ndipo chaka chilichonse ndimaona anyamata a Fomu 4 akudutsa atatchena, akupita kokajambulitsa. Sindikuletsani kutchena, ana anga. Sambani, metani kudakali masiku awiri kuti m'mphepete mukhazikike, wengani zikhadabo, valani malaya okukwanani ngakhale akhale a pa kaunjika. Malaya anu muzichapa ndi kusita nokha dzulo lake, kuti akapserera mudziimbe mlandu nokha. Ndipo wina akakuchitirani zimenezi, dziwani kuti si wantchito wanu, wangokukondani.

Koma chachikulu ndi ichi. Mukamva mutu ukutentha, chilichonse chili m'manja mwanu chiikeni pansi, tulukani, kayendeni mpaka mtima ugwe. Mkwiyo wanga sunathe ngakhale mphindi imodzi, koma mlongo wanga wakalamba akuopa dzanja langa. Musadikire kuti mudzamve m'bale wanu akukupepesani chifukwa chokuopani.