Tsiku Limene Ananditamanda Pamaso pa Woweruza

Ine chikwama sindichisiya pa benchi popita kukalandira mgonero. Ndimapita nacho kutsogolo, ofuna kuseka aseke. Kiyi wa nyumba yanga ku South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja, sindinampatsepo munthu, ngakhale mwana wanga wamwamuna wobala ndekha, bambo wa zidzukulu zanga. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzati gogo uja anapusitsidwa chifukwa chogona. Ndinali maso. Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamutsegulira chitseko, ndipo anali yemweyo.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri kunyumba yosungirako okalamba, kufupi ndi chipatala cha m'tauni. Ntchito yake ndi kunyamula anthu: kuwadzutsa, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwakhazika pa njinga ya olumala. Ena mwa iwo ndi olemera ngati matumba awiri a feteleza. Msana unayamba kudandaula pang'onopang'ono, ine n'kumaunyengerera ndi mapilitsi ndi botolo la madzi otentha. Kenaka panabwera shuga, mapazi n'kuchita dzanzi, moti ndinkatha kuvula sokosi n'kupeza magazi osadziwa chandibaya n'chiyani. Tsiku lina ndikudzutsa nkhalamba ina pabedi, mwendo wanga wakumanzere unangozima ngati magetsi a kwathu. Tinagwa tonse awiri. Mashifiti anga anathera pomwepo.

Dokotala anandiuza kuti ndiapulaye ndalama zimene boma limapereka kwa anthu amene matenda awaletsa kugwira ntchito. Kuno timangoti disabilite. Ine ndinkayesa ukangotchula matenda ako, basi, zatheka. Ayi ndithu. Alipo ambiri a shuga amene akugwirabe ntchito, a msana chimodzimodzi. Chimene a boma amafuna kudziwa ndi mphamvu imene yakutsalira: ungaime nthawi yaitali bwanji, ungathe kukhala pampando osadzukadzuka, unganyamule chiyani, ungawerame kutola chinthu chagwa. Anandikana koyamba. Anandikananso kachiwiri. Chotsala chinali kukaonekera kwa woweruza.

Ndalama yake si yochuluka, koma ikanakwana kulipira kanyumba kanga ka chipinda chimodzi, kopanda masitepe, basi ikuima pakhomo pomwe. Ikapanda kubwera, njira inali imodzi: kukakhala kwa mwana wanga ku Beech Grove, m'besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba mmene muli makina ochapira. Mpongozi wanga si munthu woipa. Koma khitchini ndi yake, ndipo ine ndinazolowera kudzitsekera ndekha chitseko.

Makalata onse a nkhaniyi ankafikira pa adiresi ya mwana wangayo, chifukwa pa nyumba zathu mabokosi a makalata ali pamodzi pakhonde, ndipo maso ndi ambiri. N'chifukwa chake mlandu unakamvedwa ku Indianapolis, mzinda waukulu wa kufupi ndi kwa mwana wangayo, kutali ndi South Bend. Loya amene mwana wanga anandipezera kumeneko anati zingathandize nditabwera ndi mboni, munthu woti amaona mmene ndimakhalira tsiku ndi tsiku. Mwana wanga amandiona pa Khirisimasi ndi pa foni. Ndinausefa mpingo wonse m'mutu, mmodzimmodzi, panatsala munthu mmodzi.

Anali mayi wa mumpingo mwathu, wakwathu ku Ntcheu, tinkaitanana kuti achemwali. Iwo anaona zimene ena sanaone. Nthawi imene msana unandigwira zolimba, ndi iwo ankabwera mmawa kudzandiveka sokosi. Anandigwirapo m'khwapa kupita nane kuchimbudzi. Anakolopapo pansi tsiku limene ndinalephera kufikako msanga. Ndinawaitana, ndinawathirira tiyi, n'kuwafotokozera zonse.

"Aa, achemwali, n'zochita kupempha zimenezo?" anatero. "Ndipita. Galimoto ndi yanga, ndikutengani pakhomo pano."

"Akakakufunsani, mukanene zimene munaona. Musakakongoletse."

"Ndikongoletse chiyani? Nkhope yanu yomweyi?"

Tinaseka. Loya naye anawaimbira foni n'kuwauza zomwezo. Anavomera zonse.

Tsikulo tinanyamuka mmawa, kunja kukuzizira kolasa m'mafupa. Njira yonse ndinayenda chogona pampando wakumbuyo, pilo pansi pa mawondo. Iwo kutsogolo akuimba nyimbo za chitsitsimutso chapansipansi. Ndinaona kuti avala suti yawo ya pa Pasaka, ndi chipewa chomwe. Ndinaonanso kuti sakundiyang'ana pagalasi, pamene masiku onse amayendetsa galimoto maso ali kwa amene akucheza naye. Zonsezo ndinaziona. Ndinangoti mwina ndi mantha a khoti.

Malo ake sanali ngati khoti la kwathu. Kachipinda kakang'ono, tebulo, woweruza mayi wachizungu wa magalasi, ndi bambo wina amene ntchito yake ndi kunena ngati pali ntchito ina iliyonse imene munthu wonga ine angagwirebe. Achemwali anawasiya panja, ndinayamba ndine. Ndinameza manyazi. Ndinanena zimene mzimayi wa msinkhu wanga sanena pali amuna: za kuchimbudzi, za kusamba chokhala pampando, za chovala cha m'kati chimene ndimalimbana nacho ngati ndikumanga mbuzi.

Kenaka anawaitana. Analumbira, dzanja m'mwamba. Woweruza anawapempha kuti afotokoze mmene amandidziwira.

Anakhala tsonga, n'kuyamba ngati akuyankhula pa maliro anga. Anati mayi awa ndi mzati wa mpingo. Anati sanandimvepo ndikudandaula. Anati bambo wina wakwathu atamwalira, ndine ndinayendetsa zophika zonse, miphika ikuluikulu, anthu odzaza holo. Anati Lamulungu ndimayambirira kufika ndine, ndipo nyimbo ikakoma ndimaimirira n'kuvina.

Loya anayesa kuwabweza. Anawafunsa ngati anandithandizapo kuvala kapena kuyenda.

"Tonse timathandizana," anayankha. "Ndi chikhalidwe chathu. Koma mayi awa ndi olimba kuposa ine."

Pa maliro ajatu ine ndinakhala pampando, ndodo ili pamiyendo, n'kumaloza ndi chala kuti uko mchere wachepa, uko moto wachuluka. Nditabwerako ndinagona osadzuka, ndipo amene ankandibweretsera phala ndi iwo omwewo. Kuvina akunenako ndi kugwedeza mapewa nditagwira benchi. Ndinafuna kukuwa, loya anandigwira dzanja. Ndinayang'ana woweruza, ndinaona akulemba, akulembabe. Pamene ndinkayankhula ine sanalembe chomwecho.

Ndinadikira mpaka tinafika poimika magalimoto.

"Achemwali, mwandipha."

"Ndakuphani? Ndakupulumutsanitu. Mumafuna ndiime pamaso pa Mulungu, nditalumbira, ndinene kuti ndinu chilema? Pakamwa pamalenga, achemwali. Ndikanati simuyenda, simukanadzayendanso."

"Anakufunsani za mawa ndani? Anakufunsani za sokosi."

"Ndikuvuleni pamaso pa alendo? Za kuchimbudzi zanu ndiziyale patebulo? Ine ndinaleredwa."

"Nanga bwanji simunakane tili ku South Bend? Tiyi wanga munamwa."

Anatsegula chitseko cha galimoto, osandiyang'ana.

"Tinaipempherera nkhaniyi ndi amayi Lachinayi. Tonse tinagwirizana kuti satana asapeze umboni pa inu."

Tonse. Nkhani imene ndinaibisa ngakhale kwa bokosi la makalata inali itakambidwa pa msonkhano wa amayi, ine kulibe, ndipo anaweruza okha. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake Lamulungu lapitalo amayi ankandikumbatira motsatizana pakhomo la tchalitchi, aliyense akuti, "Mwachira kale, agogo, mungolandira." Ine ndinkangogwira chikwama changa zolimba, osadziwa kuti chimene akundibera sichili m'chikwama.

Galimoto yawo sindinakwerenso. Tinali titapangana kuti pobwerera tidzera ku Lafayette Road kukagula ufa ndi usipa ku masitolo a anthu akwathu a ku Africa, koma anapita okha. Ine ndinaimbira mwana wanga, ndinamudikira nditatsamira khoma mpaka anatuluka ku ntchito.

Nkhaniyi ndaitembenuza mbali zonse. Kwathu ukaitanidwa kukaimira munthu pamaso pa akuluakulu, umanena zabwino zake, sutulutsa za kuchipinda. Ndikudziwa, inenso ndinaleredwa. Akanakhala kuti sanauzidwe, ndikanati ndi kusadziwa malamulo a eni dziko, ndikanakhululuka. Koma anauzidwa ndi ine, anauzidwa ndi loya, anavomera konse, kenaka n'kukapangana zina kuseri. Akanangoti, achemwali, mtima wanga sukundilola, ndikanapita ndekha ndi mapepala a dokotala. Iwo anafuna kuonetsa chikhulupiriro chawo, koma msana wake wanga, lendi yakenso yanga.

Yankho litabwera, mwana wanga anandiwerengera pa foni. Woweruza anavomereza kuti matenda ndili nawo, msana ndi shuga yemwe. Koma anati poona zimene mboni yanga inanena, ndingathe kugwira ntchito yopepuka. Ntchito yanji, sindikudziwa, ine wosatha kutsiriza ulaliki nditakhala pansi. Loya anati tichita apilo, koma zimatenga nthawi. Mwini nyumba sadikira apilo.

Mwana wanga anabwera Loweruka lina ndi galimoto yobwereka. Amayi a mumpingo anatumiza uthenga kuti adzandithandize kulongedza, ndinati zikomo, manja alipo okwanira. Koma achemwali anabwerabe, mbale ya mandasi ili m'manja, yovundikira ndi kansalu. Chitseko chinali chotsegula chifukwa mwana wanga ndi mnzake anali kutulutsa bedi. Anaima pakhomo penipeni.

"Odi, achemwali! Mpaka liti kodi? Foni simuyankha, kutchalitchi simubwera. Anthu akufunsatu."

Ndinali nditakhala pa katoni ya mabuku a nyimbo.

"Mukadzachira mudzandithokoza," anatero.

Ndinatembenukira kwa mwana wanga. "Uwauze amayiwa apatuke, bedi lidutse."

Anapatuka. Mbale ija anaisiya pawindo, ine sindinaikhudze.

Tinafika ku Beech Grove dzuwa likadalipo. Mpongozi anandilandira bwino, anali atayala kapeti yatsopano kunsiko, anagulanso nyale. Anatsegula chitseko cha besimenti, ndinayang'ana masitepe aja, otsetsereka, opapatiza. Mwana wanga anati, "Amayi, ndikunyamuleni." Ndinakana. Ndinampatsa mpongozi ndodo kuti andigwirire, ndinakhala pansi pa sitepe yoyamba, n'kuyamba kutsika chokhala, kukhwekhwereza thupi ngati mwana wosayamba kuyenda. Onse awiri anayang'ana kumbali mpaka ndinafika pansi.