Mphasa ya a Kuchimuna

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anakhala pachikamwini m'mudzi mwathu ku Bowe kuyambira ali mnyamata mpaka mutu wonse utachita mbuu ndi imvi. Kwawo kunali ku Ntchisi, kuseri kwa Malomo. Tonse tinkadziwa zimenezo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anapondako. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo za kwawo kwa mkamwini amazidziwa ndi mwiniwakeyo.

Agogo aakazi anali ndi pakamwa. Kaya mbuzi zalowa panazale ya fodya, kaya nkhokwe yadontha, mawu anali omwewo: "Nyamukani, muzipita kwanu!" Agogo aamuna ankangomanga kakhasu kawo panjinga n'kumapita. Patapita masiku ankatulukira, thalauza lili chisoso chokhachokha, n'kukhala pakhonde.

"Kaya kumudziko?" ankafunsa agogo aakazi, mkwiyo utatha kalekale.

"Onse ali bwino. Akupereka moni."

Ana tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Mnzako akakukwiyitsa pamasewera unkangomuuza kuti azipita kwawo, iye n'kuzungulira nkhokwe, n'kubwera ndi moni.

Agogo aakazi atamwalira, amalume aakulu, mlongo wawo wa malemuwo, anayamba kukamba zoti mkamwini asudzulidwe, abwerere kwawo monga mwa mwambo. Agogo anapempha kuti akolole kaye chimanga. Atakolola anati adikire fodya. Fodya atapita ku okushoni, mvula inali itayandikiranso. Mayi anawaikira kumbuyo, nkhaniyo inazilala yokha. Ine ndinkati nkhalambayo ikukakamira chifukwa chotikonda.

Anamwalira ndi chibayo kuchipatala cha Mtengowanthenga, nyengo yozizira, chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate. Thupi litafika pamudzi, adzukulu okumba manda anakana kugwira makasu. Mkamwini saikidwa eni ake asananene ngati akudzamutenga kapena ayi. Amalume anandiloza ine kuti ndikanene uthenga. Ndinakwera njinga ya malemu omwewo.

Pa Malomo ndinapeza anthu akukangana za zipani mokweza pakhonde la golosale, zinthu zoti kale ukanazinena uli m'bulangete. Ndinapereka moni kwa mwini sitoloyo, bambo wachisilamu wachikulire, n'kutchula mudzi wa agogo. Anasiya kuyeza mchere.

"Mudzi umenewo, achimwene? Unatha kalekale. Anausamutsa nthawi ya maesiteti ija, malo anatenga munthu wina wamkulu. Anthu anangobalalika, ena ku Kasungu, ena kaya. Mukanabwera zaka zapitazo ndikanangoti sindikuudziwa. Pano tikuyankhula."

Ndinapitabe, poti wotumidwa sabwerera panjira. Ndinapeza munda waukulu wa zitsa za fodya, zigafa zili ndandanda, mphepo ikungouluza fumbi. Pakati pa mundawo panatsala kankhalango kamodzi. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti mitengo ikasiyidwa chotero ndiye kuti ndi manda.

Mayi wina, mkazi wa tenanti, ankapeta nyemba pafupi ndi chigafa. Nditafotokoza, anaika lichero pansi.

"Agogo a kakhasu aja? Kalanga ine! Amabwera kuno. Amalambula mandawo okhaokha, kwinaku akuyankhula ngati pali anthu. Akatopa amagona m'chigafamu, ife n'kuwapatsako mbatata. Tikawafunsa amati amayi awo ali momwemo, ndi alongo awo."

Ndinakhala pansi pafumbipo. Ndinawerenga m'mutu maulendo onse aja, ife tikuseka kuseri kwa nkhokwe. Munthu ankauzidwa kuti azipita kwawo, ndipo ankapitadi. Chifukwa chake sananene, sindidziwa. Mwina ankaopa mwini esiteti, poti masiku amenewo pakamwa pankasowetsa munthu. Mwina ankadziwa kuti mkamwini wopanda kwawo amasanduka choseketsa cha mudzi wonse. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Kumanda sulowa wekha popanda eni ake. Ndinaima m'mphepete, n'kuona mitumbira yolambulidwa bwino, udzu utangoyamba kumeranso. Uthenga ndinali nawo, woupatsa panalibe. Ndiye ndinagwada, ndinaomba m'manja, n'kunena monga anandilangizira amalume: "Zikomo eni mudzi. Ndatumidwa kuchokera ku Bowe. Mwana wanu uja watisiya." Kunangolira njiwa.

Nditabwerera ndinauza akuluakulu zonse. Amalume anakhosomola n'kuuza adzukulu kuti akakumbe, chakumapeto kwa manda athu, kumene amaika alendo. Alendo! Munthu amene anafolera pafupifupi denga lililonse m'mudzimo.

Tsiku loika maliro anthu anayalabe mphasa ya a kuchimuna pansi pa mtengo wa mango, poti mwambo umatero. Achipani awiri anabwera ndi nsalu zawo, aliyense akufuna kuyankhula kuposa mnzake. Mphasa ija inangokhala yokha, nkhuku zikudutsapo. Woyendetsa mwambo atafuula kuti, "Tsopano timve a kuchimuna," anthu anayang'ana pansi.

Ndinanyamuka pakati pa abale anga n'kukakhala pamphasapo.

"Iwe, si malo ako amenewo," anandinong'oneza amalume.

Ndinkadziwa. Koma sindinasunthe. Ndinangokhala pamenepo ndekha, mphasa yaikulu yokwana banja lonse, mpaka bokosi linanyamulidwa.

Pogawa katundu wa malemu, ena anatenga wailesi, ena jekete. Ine ndinapempha kakhasu kaja, ndipo anandipatsa akuseka. Chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma ndimakamanga panjinga n'kulowera ku Malomo. Tsopano kumandako ndimalowa, chifukwa woti andiletse kulibe. Sindidziwa kuti mtumbira uti ndi wa yani, ndimangolambula yonse. Ndikabwerako ndimakhala pakhonde, koma palibe amene amandifunsa za kumudziko.