Apongozi Anga ndi Kholo Lawo la ku France

Apongozi anga aamuna ndi mzungu wobadwira ku Ilford, kuno ku England. Atapuma pa ntchito yoyendetsa basi anasowa chochita. Anayesa kadimba kuseri kwa nyumba, tomato yense n'kufota. Kenako anakumbukira zimene agogo awo ankakonda kunena, zoti banja lawo linachokera kwa a Huguenot, Akhristu a ku France amene anathawira kuno kalekale pozunzidwa chifukwa cha chipembedzo.

"Tinali anthu achuma," anandiuza tsiku lina ndili pa ofu. "Chinyumba, akavalo, antchito. Mundithandize kupeza umboni."

Mwamuna wanga anali atakana kale. Ine ndinavomera, pakuti munthu amene analimbanapo ndi mafomu a viza saopa kusaka mapepala.

Tinayamba pa kompyuta. Dzina la banja tinalipeza litalembedwa mwa njira zinayi, kalaliki aliyense ankangolemba mmene wamvera. Miyezi iwiri tinatsatira munthu wolakwika, wogulitsa nsomba wopanda dontho la magazi a Chifalansa. Adadi, monga ndimawaitanira, anakwiya ngati wansombayo anawanamiza dala.

Pamapeto pake tinakwera sitima kupita ku laibulale ina pakati pa London. Mayi wa kumeneko anatibweretsera buku la akulu a mpingo wa othawa kwawowo, ndipo dzina lija linalimo kawiri. Koma zonse zinali m'Chifalansa. Ndinajambula tsambalo pa foni n'kutumizira mnzanga wa ku Congo amene timasamalira naye okalamba. Tili panja anandiimbira foni, akuseka mpaka kutsamwa.

"Chemwali, munthu wanuyu anali woluka nsalu za silika. Akulu a mpingo anamuitana kawiri."

"Kukamupatsa udindo?" anafunsa Adadi, atasendeza khutu ku foni.

"Ayi bambo. Koyamba anagona pa ulaliki n'kuyamba kuliza mkonono. Kachiwiri analowa m'tchalitchi ndi mbalame m'thumba la jekete, ndiye inayamba kuimba nthawi ya pemphero."

Ndinayesetsa kudzigwira, zinakanika. Adadi anafiira makutu. Iwonso pa ukwati wathu anagona mbusa asanafike pakati pa uthenga, ndipo onse a ku mpingo wathu ku Tottenham amakumbukira.

"Ndi wathu ameneyo," anatero potsiriza, nawonso n'kuphulika kuseka.

Mnzanga uja anati panali mzere wina m'munsi. Akuluwo anamukhululukira chifukwa ankaluka yekha, kwinaku akulera mwana wakhanda. Mkazi wake anamwalirira m'ngalawa pobwera.

Tinakwera sitima yobwerera. Titadutsa masiteshoni angapo, Adadi anandifunsa, osandiyang'ana: "Inu mutafika kuno, anakuchingamirani ndani?"

Zaka zonse zimene ndakhala m'banja mwawo anali asanafunsepo. Ndinawauza kuti panalibe, kuti ndinakwera basi yolakwika ndi sutukesi yothyoka tayala, ndikulira, ndipo dalaivala anandibweza mpaka pamene ndinakwerera. Anafuna kudziwa nambala ya basiyo. Nditawauza, anapukusa mutu, akuti anyamata oyendetsa basi za njira imeneyo ankadziwika ndi ulesi, ndiye ndinachita mwayi.

Sabata yotsatira analembetsa sukulu ya Chifalansa. Anapitako katatu basi. Mawu amene anatolako amawagwiritsabe ntchito polonjera mphaka wa aneba, ndipo amaumirira kuti mphakayo amamva.