Foni imodzi, mabanja asanu

Chaka chomwe ndinkagwira ntchito ku kaofesi kena ku Chileka, bungwe lathu linkagawa mbewu ya nandolo kwa alimi. Akuluakulu anati zolemba maina m'makope zatha. Mlangizi azifika m'mudzi ndi foni ya intaneti n'kulembetsa mlimi aliyense pa webusaiti: dzina, mudzi, nambala ya chiphaso, ndi nambala ya foni yoti tidzatumizepo uthenga wa tsiku lolandira mbewu.

Webusaitiyo anaipanga mnzanga wa mu ofesi, bambo wanzeru zake koma wosauzika. Ine ntchito yanga inali kuiyesa, ndipo inkanditopetsa. Iwo akakonza apa, kwina kunkagumuka, ine n'kuyambiranso kudzaza fomu ija pamanja mpaka zala kuuma. Ndiye ndinaganiza zopanga kapulogalamu koti kazitsegula tsambalo kokha, kudzaza fomu, kudina batani, n'kundiuza ngati zayenda. Mu ofesi tinkangokatchula kuti kaloboti.

Kanandidyera masabata awiri. Poyamba kankakana kugwirizana ndi bulawuza, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti. Nditakonza zimenezo, kanayamba phuma. Netiweki ya ku Chileka imayenda ngati ngolo yodzaza, koma iko kankadina batani tsamba lisanatseguke n'komwe, kenako n'kumadandaula kuti batani palibe. Ndinakaphunzitsa kudikira. Pomaliza ndinakapangira alimi ongopeka oti kaziyeserera nawo, aliyense ndi dzina lake, mudzi wake ndi foni yakeyake. Mayeso akayenda bwino pankaoneka zobiriwira, akalephera zofiira. Lachisanu lomaliza zonse zinabiriwira, ndipo ndinaweruka ndikudzimva shuga.

Loweruka ndinapita ku Lirangwe kukaona mayi aang'ono, amene anandilera amayi atamwalira. Kunali kotentha kwambiri, mvula ili pafupi. Ndinawapeza pakhonde atatambasula mwendo umene unkawavuta, akusoka thumba.

"Lolemba kukubwera alangizi," anatero. "Akuti tsiku ndi lomwelo basi, wotsala watsala. Thumbali ndi la nandolo wanuyo."

"Nanga nambala ya foni mukapereka iti, mayi?"

"Ya apanyumba apawa," analoza nyumba ya anansi awo. "Si ndi yomwe umandiimbira iwe? Tonse kuno timadalira yomweyo. Ineyo, achemwali awo, agulupa, ndi amayi a mapasa aja kuseriku."

Ndinawerenga chamumtima: mabanja asanu, pamodzi ndi eni foni. Mnzanga uja anaika lamulo loti nambala imodzi izilembetsa mlimi mmodzi yekha, poopa anthu olembetsa kawiri. Ndipo ine mwini, amene Lamlungu lililonse ndinkaimba foni yomweyo n'kudikira kuti akawaitane mayi, ndinali nditalemba mayeso otsimikiza kuti lamulolo likugwira, n'kusekerera atabiriwira. Woyamba pamzere akanalowa, anayi enawo n'kukanidwa. Mayi aang'ono, ndi mwendo wawo uja, sanayambe akhalapo oyamba pamzere uliwonse.

Sindinawauze. Ndinachita manyazi. Ndinanamizira ntchito n'kutsanzika dzuwa likadalipo.

Ndili pa siteji ndinamuimbira mnzanga uja.

"Asisi, dzulo munati zonse zili gulini," anayankha. "Lero zasintha pati?"

"Sizinasinthe, achimwene. Kaloboti kamayankha zomwe wakafunsa. Ine sindinafunse bwino."

Sanakhutire, koma anavomera kuti tikumane mawa lake akaweruka ku tchalitchi.

Anafika masana atavala jekete, nkhope ili gwaa. Sindinafune kukangana nawo, chifukwa pakamwa sindikanawatha. Ndinangolemba mayeso atsopano, alimi asanu pa nambala imodzi, n'kuwatembenuzira laputopu. Tinaonera limodzi bulawuza ikudzitsegula yokha. Mlimi woyamba analowa bwinobwino. Wachiwiri anabwezedwa ndi mawu akuti nambala iyi inalembetsedwa kale. Wachitatu chimodzimodzi, mpaka wachisanu. Pansi panafiira.

Sindinaganizepo kuti zofiira zingandisangalatse, koma tsiku limenelo mtima unayamba kukhala m'malo. Vutolo linali litachoka m'mutu mwanga, lili poyera pomwe aliyense angalione.

Mnzanga anavula jekete n'kulikoloweka pampando.

"Ngakhale amayi anga kwa Kuntaja," anatero motsitsa mawu, "ndimawapeza pa foni ya alamu anga."

Anachotsa lamulo lija n'kuika lina loti wolembetsa kawiri azigwidwa ndi nambala ya chiphaso. Kusinthako kunali kochepa, koma kusintha zinthu kutatsala usiku umodzi kuli ngati kusolola njerwa pansi pa khoma. Kale ndikanafunika masiku awiri kuti ndiyese zonse pamanja, ndipo masikuwo panalibe. Ndinadina batani limodzi, kaloboti n'kuthamanga m'masamba onse pa mphindi zochepa. Kanagwira china chomwe tonse sitinachiganizire: pa nambala yobwerezedwa, uthenga unkapita umodzi wokha, wa mlimi womaliza. Anakonza kuti aliyense alandire wake, dzina lake lili pamwamba. Tinayesanso kawiri, zonse n'kubiriwira. Ulendo uno sindinadzitame, ndinangopuma.

Lolemba sindinagwire ntchito yooneka. Ndinkangoyang'ana maina a ku Lirangwe akulowa limodzilimodzi. Eni foni analowa m'mawa ndithu. Anatsatira achemwali awo, kenako agulupa, kenako amayi a mapasa. Dzina la mayi aang'ono silinaoneke. Tiyi anazizira m'kapu, nthawi ya nkhomaliro inadutsa, ine maso ali pomwepo. Cha m'ma fili koloko linatulukira, lachiwiri kuchokera kumapeto. Ndinatuluka panja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Madzulo ndinaimba, n'kudikira mwachizolowezi kuti akawaitane.

"Zatheka, mwanawe," anatero akupumira m'mwamba. "Enatu amachita mantha, eti makinawa amakana anthu. Ine ndinawauza kuti khalani phee, zimenezi waziyang'ana ndi mwana wanga. Angandisiye ineyo?"

"Sindingakusiyeni, mayi," ndinayankha.

Anabweza foni kwa eni ake, poti agulupa nawo ankadikira kuti aimbe.